Ndinalemba "Chinese" pa fomu ya alendo anga a ku Malaysia

Ntchito yanga ndi yomasulira Chitchaina. Ndinakhala zaka 5 ku Nanjing, chaka choyamba ndikulimbana ndi chilankhulo chokhachokha, zinazo ndikuphunzira za zomangamanga. Chibwerere kumudzi ndakhala ndikuima pakati pa akapitawo ochokera ku China ndi anyamata a simenti ndi zitsulo m'malo omanga a mu Lilongwe. Ndayamba ndi zimenezi kuti mudziwe kuti amene analakwitsa m'nkhaniyi si munthu woti sanaonepo Mtchaina. Ndinalakwitsa chifukwa ndinkaona ngati Matchaina ndinawamaliza kale kuwadziwa, ndiye sindinafunse kanthu. Ngati mumalandira alendo, mumayendetsa alendo pagalimoto, mumagwira ntchito pa loji kapena mwakwatira kubanja la anthu amenewa, werengani mpaka kumapeto.

Ku Nanjing ndinkagona chipinda chimodzi ndi mnyamata wa ku Penang, chilumba cha ku Malaysia. Tinkacheza m'Chimandarini, Chitchaina chachikulu chimene amaphunzitsa m'masukulu a ku China, usiku ndi usana, ndipo m'mutu mwanga iye anali Mtchaina basi, kungoti nyumba yawo ili kutali pang'ono. Bambo ake atamwalira anaganiza zoti mayi ake akapitidweko mphepo: aone nyanja yathu, nyama za ku South Luangwa, kenako mathithi a ku Livingstone. Tinapangana za Juni 2022. Ndinamuuza kuti, "Aise, za kuno zonse undisiyire ine."

Cholakwa choyamba ndinachichita iwo asanakwere n'komwe ndege. Pogula matikiti a ndege yochoka ku Mfuwe, pafupi ndi South Luangwa ku Zambia, ndinangotenga maina amene mnzangayo anandilembera pa WhatsApp. Sindinapemphe chithunzi cha pasipoti. Ku China ndinazolowera kuona dzina la banja kutsogolo, dzina la munthu pambuyo, mawu awiri basi. Awa anali ndi mawu atatu, ndipo a mayiwo anali anayi chifukwa kutsogolo kunali dzina lachikhristu. Kalembedwe kakenso kanali kachilendo kwa ine. Dzina limene ku China amalilemba Chen, anthu olankhula Chitchaina cha mtundu wina chotchedwa Chihokkien amalilemba Tan, olankhula Chikantonizi amati Chan, pomwe chilembo chake ndi chimodzimodzi. Lin amakhala Lim kapena Lam. Taonani dzina la katswiri wa mafilimu wa ku Ipoh ku Malaysia uja, Michelle Yeoh Choo Kheng: la banja ndi Yeoh, lili pakati. Ine ndinatenga mawu omalizira n'kuwaika m'bokosi la dzina la banja, n'kulipira, mtima uli m'malo.

Tsiku lofika ndinawachingamira pa bwalo la ndege la Kamuzu nditakonzekera malonje a Chimandarini, aulemu wonse woyenera munthu wamkulu. Ndinawerama pang'ono, n'kuyamba. Mayiwo, wa zaka pafupifupi 70, wamfupi, wa tsitsi la imvi lometa bwino, anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anandigwira dzanja n'kunena m'Chingerezi chomveka bwino kuti, "Mwana wanga, ndamvapo mawu awiri kapena atatu. Tiye tizilankhula Chingerezi. Ndipo uzinditchula kuti Anti, kwathu timatero."

M'galimoto ndi mmene ndinamva zimene ndikanayenera kufunsa kalekale. Anti anaphunzira pa sukulu ya masisitere ku George Town, mzinda wa ku Penang, kumene zonse zinali m'Chingerezi, ndipo anadzakhala mphunzitsi mpaka kupuma. Pakhomo amalankhula Chihokkien, chilankhulo chochokera kummwera kwa chigawo cha Fujian ku China, koma cha ku Penang chinasakanikirana ndi mawu a Chimalay. Kumsika ndi kumaofesi amalankhula Chimalay. Zilembo za Chitchaina sawerenga. Mwana wawo anamutumiza ku sukulu ya Chitchaina, n'chifukwa chake iye amadziwa Chimandarini. Musaganize kuti Chihokkien ndi Chimandarini chopotoka pang'ono ayi. Ine wa zaka 5 ku China, awiriwo akayamba kucheza ndinkangokhala ngati Mchewa wagwera pakati pa Amasai. Ndipo Anti si wachilendo m'dziko lawo: ku Malaysia anthu a mtundu wa Chitchaina amaposa munthu mmodzi pa anthu asanu alionse, ku Singapore ndi pafupifupi atatu pa anayi alionse, ndipo ambiri makolo awo anachoka ku China zaka zoposa 100 zapitazo.

Madzulo ake ndinati ndiwasangalatse, ndinawatengera kumalo ena odyera a Chitchaina mumzinda. Mwini malowo atawaona anabwera yekha ndi mndandanda wa zakudya wolembedwa m'zilembo za Chitchaina, n'kuyamba kuwalankhula Anti mothamanga. Anti anapepesa m'Chingerezi n'kupempha mndandanda wina. Bamboyo anaseka, n'kutembenukira kwa ine, amvekere m'Chimandarini: "Nkhope ya Chitchaina koma Chitchaina osachidziwa. Wakudayu akuwaposa." Ndiulule chinthu chimene chimandichititsa manyazi mpaka lero: kwa kamphindi ndinamva kukoma. Ndinamwetulira. Nditayang'ana mnzanga ndinaona kuti wauma nkhope, timitengo todyera tili m'manja osasuntha. Anti anandifunsa kuti bamboyo wati chiyani, ndipo ine ndi chizolowezi cha pa ntchito ndinamasulira zonse, liwu ndi liwu. Anangoti, "Si woyamba ameneyu," n'kuitanitsa tiyi. Chakudyacho sanachimalize.

Ndikanadziwa ndikanafunsa kaye kuti akufuna kukadya kuti. M'mawa mwake anadya nsima ya chambo ndi manja, akufunsa dzina la ndiwo iliyonse.

M'masiku omwewo ndi mmene BBC Africa Eye inatulutsa kanema uja wa Lu Ke, mnyamata wa ku China amene ankajambula ana a kwa Njewa, kufupi ndi Lilongwe, n'kumagulitsa makanemawo kwa anthu a kwawo pa intaneti. Ana ankamutchula kuti Susu. Mu kanema wina ana athu ankakuwa mosangalala mawu a Chitchaina amene sankawamva, odzitchula okha kuti ndi ziwanda zakuda zopanda nzeru. Foni yanga sinapume. Abale, anzanga a kusukulu, a kutchalitchi, aliyense ankanditumizira kanemayo n'kufunsa kuti, "Kodi akunenadi zimenezi?" Ndinkayankha kuti inde, akunenadi. Ndinapsa mtima ngati wina aliyense, mwinanso kuposa, chifukwa ine mawuwo ndinkawamva popanda womasulira. Ndinakumbukira anthu amene ankasuntha ndikakhala pafupi nawo mu basi ku Nanjing, ndi zimene zinachitika ku Guangzhou mu Epulo 2020, pamene anthu akuda ankatulutsidwa m'nyumba za lendi ndi m'mahotela powaganizira za Covid. Mnzanga anaonera kanemayo kamodzi n'kulephera kumaliza. Mkwiyo wa Amalawi unali ndi chifukwa chake, ndipo sindikulemba izi kuti ndiuchepetse.

Chimene sindinachite ndi kukhala pansi n'kuganiza kuti nkhani imeneyi ikutanthauza chiyani kwa mnyamata wa nkhope ya Chitchaina amene akuyenda m'dziko muno ndi kamera yaikulu pakhosi.

Mumzinda zinali za pakamwa chabe. "China! China!" "Ching'ong'o!" Wina wa kabaza anakuwa kuti "Korona!", wina "Susu!" Anti ankafunsa tanthauzo, ine ndinkati ndi ana chabe akusewera. Apanso ndinalakwa, chifukwa ndikanawauza zoona akanachenjera.

Zinafika poipa ku Senga Bay. Ndinawasiya pamchenga n'kupita kukagula mayunitsi pa kagolosale, mtunda wosakwana mphindi zisanu. Ana anawazungulira, ena akuchita za karate, ena akupempha kuti awajambule. Mnzanga, poona kuti anawo akusangalala, anayamba kujambula. Anti anatsegula chikwama n'kutulutsa masiwiti amene anabwera nawo kuchokera kwawo. Taganizani chithunzi chimenecho sabata imeneyo: Mtchaina wachinyamata, kamera, ana, masiwiti. Pobwerera ndinamva phokoso ndisanaone anthu. Abambo amene ankasoka maukonde anali ataimirira, amayi akukoka ana awo, ndipo mnyamata wina atagwira lamba wa kamera akukuwa kuti, "Ndi yemweyu! Susu uja ndi ameneyu!"

Ndinathamanga n'kulowa pakati. Ndiye m'malo molankhula ndi anthuwo, ndinatembenukira kwa mnzanga n'kumuuza m'Chimandarini kuti asiye kamerayo, asalimbane nawo. Anthu atangomva Chitchaina chikutuluka m'kamwa mwa Mmalawi, moto unakula. "Akupangana! Ameneyu ndiye amawabweretsa!" Wina anandigwira kolala. Mukakhala pakati pa anthu okwiya, lankhulani chilankhulo choti aliyense pamenepo amve. Chingerezi chikanatha, poti mnzangayo amachidziwa bwino lomwe. Chimandarini changa chimene ndinkanyadira chija chinangokhala umboni wotitsutsa.

Anatipulumutsa ndi bambo wina wachikulire, msodzi, amene anangokweza dzanja n'kunena kuti, "Tatiyeni timve kaye." Ndinagwada pamchenga, n'kufotokoza m'Chichewa kuti awa ndi mayi ndi mwana wawo, kwawo ndi ku Malaysia, afika masiku anayi apitawo, chidindo chili m'pasipoti. Mkuluyo anayang'ana chidindocho nthawi yaitali. Kenako anati, "Kaya ndi a kuti, ana a eni sajambulidwa makolo osadziwa. Inuyo achimwene ndinu wakuno, mukanawauza." Panalibe choyankha. Tinafufuta zithunzi zonse pamaso pawo, mpaka za masiku am'mbuyo zomwe, chifukwa anthu sanakhulupirire kuti zina sizinabisike. Palibe anatipempha ndalama. Anti anapepesa kwa amayi aja mmodzimmodzi, ine ndikumasulira, manja awo akunjenjemera. Usiku umenewo sanadye.

Munthu wanzeru akanaphunzirapo pamenepa. Ine ndinali ndisanamalize.

Patapita masiku angapo tinanyamuka m'mamawa kupita ku Zambia pa galimoto ya hayala. Nkhani inali itamveka kale kuti Lu Ke wagwidwa ku Chipata atathawa m'dziko muno. Pa boda, pofuna kuti zinthu zifulumire ndiponso kuti Anti asavutike ndi tizilembo ting'onoting'ono, ndinatenga mapasipoti awo n'kuyamba kulemba mafomu ndekha. Pamzere wofunsa kuti ndinu nzika ya dziko liti, dzanja langa linalemba "Chinese" pa mafomu onse awiri. Pasipoti yolembedwa Malaysia pachikuto inali m'dzanja langa lamanzere. Sindinaganize n'komwe. Awiriwo anasayina osawerenga, pondikhulupirira.

Bwana wa pa windo anayang'ana fomu, n'kuyang'ana pasipoti, n'kuyang'ana mnzanga. Anafunsa kuti, "Pasipoti inayo ili kuti?" Tinati palibe ina. "Nanga apa mwalemba kuti ndinu a ku China bwanji?" Anatiuza tikhale pa benchi, mapasipoti n'kulowa nawo mkati. Inali 11 koloko.

Sindikuwaimba mlandu anthu a pa boda aja. Malamulo a viza amatsata pasipoti, ndipo nthawi imeneyo wa pasipoti ya Malaysia ndi wa pasipoti ya China sankalowa mofanana. Fomu yonena china, pasipoti yonena china, mnyamata wa msinkhu womwewo, kamera yopanda chithunzi ngakhale chimodzi, njira yomweyo ya ku Chipata: inenso ndikanakhala pa windopo ndikanakayika. Anatilowetsa mmodzimmodzi. Anapempha kuona foni ya mnzanga, n'kupeza mauthenga a zilembo za Chitchaina. Amenewo ndinawamasulira, anali a anzathu a kusukulu. Kenako anatsegula mauthenga a mawu ochokera kwa azakhali ake ku Penang.

"Tiuzeni akuti chiyani apa."

"Bwana, ichi sindimva."

"Mwati ndinu womasulira Chitchaina. Ichi si Chitchaina?"

"Ndi Chitchaina, bwana, koma china."

Ndinadzimva ndekha mmene yankholo linamvekera. Munthu amene walemba zabodza pa fomu, tsopano akuti Chitchaina chilipo chamitundumitundu, ndipo chimene chili pa foni ya mnzakeyo ndiye sakuchimva. Thukuta linatsika msana wonse ngakhale kunali kozizira kwa mu Juni. Ndinayamba kuganiza za ntchito yanga, za dzina langa m'nyuzipepala pambali pa dzina la Susu. Dalaivala wathu anandinong'oneza kuti mwina tingowapatsa ya fanta. Ndikuthokoza kuti ndinakana. Pa nkhani ngati iyi ndalama ikanangotsimikiza kuti pali chimene tikubisa.

Cha m'ma 3 koloko Anti anaimirira pa benchi paja n'kundiuza kuti, "Wandilankhulira mokwanira. Tsopano ndilankhule ndekha." Anapempha mwaulemu kuonana ndi wamkulu wa pamalopo. Atalowa anayala patebulo chitupa chawo cha unzika chimene kwawo amachitcha MyKad, khadi la penshoni ya uphunzitsi, tikiti yobwerera, n'kuloza chidindo cha tsiku lofika. Ndiye anafotokoza pang'onopang'ono, ngati ali m'kalasi: agogo a bambo awo anachoka ku Fujian pa sitima yapamadzi, iwo anabadwira ku Penang, dziko la Malaysia silola munthu kukhala nzika ya maiko awiri ndipo la China nalonso silivomereza, choncho pasipoti yachiwiri singakhalepo. Mauthenga a azakhali aja anawamasulira okha: ankafunsa ngati mankhwala a BP akumwa pa nthawi yake. Bwana wamkuluyo anamvetsera, n'kutembenukira kwa mnzake, amvekere, "Ndiye ali ngati amwenye a ku Limbe aja, obadwira konkuno." Anti sanadziwe za Limbe, koma nditawafotokozera anavomera ndi mutu.

Anandilembetsa kalata yovomera kuti ndine ndinalemba mafomuwo ndipo ndinalakwitsa, n'kusayina. Awiriwo analemba mafomu atsopano ndi manja awo. Tinawoloka 4 koloko itapitirira, maola oposa asanu atatha.

Kuchoka ku Chipata kukafika ku Mfuwe ndi makilomita oposa 100, ndipo dalaivala anakana kuyenda usiku chifukwa cha njovu za kufupi ndi paki. Tinagona ku Chipata. Usiku umodzi wa ku loji ya ku Mfuwe umene tinalipiriratu, madola 360, unapita osabwezedwa, pamodzi ndi ulendo wa m'mamawa wokaona nyama. Zipinda za ku Chipata zinadya madola 90, dalaivala ndinamuwonjezera K40,000 ya tsiku lina.

Usiku umenewo tulo sitinabwere, ndiye ndinapempha mapasipoti aja n'kuyamba kufananiza ndi pepala lililonse limene ndinalembapo maina awo. Ndi mmene ndinapeza za matikiti. Pasipoti ya ku Malaysia imalemba dzina lonse pamzere umodzi, siigawa kuti ili ndi la banja, ili ndi la munthu. Pa tikiti ya mnzanga maina anali onse koma otembenuka. Pa ya Anti dzina la banja panalibiretu. M'mawa ndinaimba foni ku kampani ya ndegeyo, ndinatumiza zithunzi za mapasipoti, ndipo patatha tsiku limodzi ndi theka anakonza, pa mtengo wa madola 140. Zikanadziwika pa bwalo la ndege ndiye kuti kunali kugula tikiti yatsopano, ngati mpando ukanapezeka. Zonse pamodzi zinakwana madola pafupifupi 630. Mnzanga anafuna kulipira, ine ndinakana, ndipo poti kwacha inali itangogwa ndi 25 peresenti kumapeto kwa Meyi, ngongoleyo ndinaimaliza mu Okutobala.

Usiku womwewo wa ku Chipata ndinapeza Anti atakhala pakhonde atafunda shawelo. Ndinapepesa. Anati za ndalama ndi maola sizikuwapweteka kwenikweni. Chimene chinawalasa n'choti ine, amene ndinagona chipinda chimodzi ndi mwana wawo zaka zonse zija, ndinagwira pasipoti yawo m'manja n'kulembabe dziko lina. Anandiuza za 13 Meyi 1969, ali mtsikana wa kusekondale, pamene ku Kuala Lumpur kunabuka zipolowe za mitundu. Boma linati anafa anthu 196, ambiri mwa iwo a mtundu wa Chitchaina. Anati mpaka lero pamapezeka wandale wowatchula kuti pendatang, kutanthauza obwera, kapena wowauza kuti balik Cina, bwererani ku China. Ndiye atakwanitsa zaka 60 anapitadi ku Fujian kukaona mudzi wa makolo. Anawalandira bwino, koma monga mlendo wochokera kunja, ndipo m'sitolo za mumzinda achinyamata ankadabwa kuti gogo wa nkhope yotere sangawerenge mtengo wolembedwa pakhoma. "Kwathu ndine Mtchaina, ku China ndine wakunja, kuno ndine Susu," anatero, mosakweza mawu. Ndinaganiza za achimwene anga amene ali ku Joni, amene amatsitsa mawu mu takisi kuti asamveke kuti ndi Mmalawi, koma sindinanene. Sinali nthawi yanga yolankhula.

Chichokereni ulendo umenewo, mlendo aliyense asanafike ndimapempha chithunzi cha tsamba la pasipoti, ndipo ndimamufunsa yekha kuti dzina la banja ndi liti. Fomu ya pa boda sindilemberanso munthu, ndimangoima pambali. Ndimafunsa chilankhulo chimene akufuna tisanayambe kucheza, ndipo pouza a pa loji sindinenanso kuti kukubwera Matchaina, ndimatchula dziko la pa pasipoti. Izi n'zofunika kwambiri ndi anthu a ku Taiwan, amene dziko lathu linali nawo pa ubale kuyambira 1966 mpaka kumapeto kwa 2007, omwe anamanga chipatala chachikulu cha ku Mzuzu: ambiri a iwo kuwalembera "China" ndi kuwaponda pachilonda. Za kamera ndimanena tsiku loyamba, tisanatuluke pa bwalo la ndege: ana osawajambula, masiwiti osagawa, ndipo anthu akamakuwa mawu ena mumsewu ndimamasulira zoona kuti mlendo adziwe pamene waima. Lu Ke anabwezedwa kuno mu Julayi 2022, khoti linamupeza wolakwa mu 2023 n'kulamula kuti achoke m'dziko muno, koma dzina lakuti Susu likadamvekabe m'misewu ina.

Ku Livingstone sindinapite nawo, tchuthi changa chinali chitatha. Tinatsanzikana pa bwalo la ndege la Mfuwe. Panja pake mnyamata wogulitsa ziboliboli anawathamangira akuti, "Ni hao! Ni hao!" Ndinatsegula pakamwa kuti ndimukonze, koma Anti anandigwira mkono. Anamuyang'ana mnyamatayo n'kunena kuti, "Muli bwanji, achimwene? Ine wa ku Malaysia." Mnyamatayo anafunsa ngati Malaysia ili mkati mwa China. Anti anaika chikwama pansi, anapempha cholembera changa, n'kuyamba kumujambulira mapu kuseri kwa risiti.